Miyezi itatu imene mimba sioneka

Mzamba akafunsa mayi tsiku limene anayamba msambo wake womaliza, ambiri amaona ngati ndi funso longodzazira buku la sikelo. Komatu pa tsiku limenelo ndi pamene pamayambira kuwerenga konse kwa mimba. Achipatala amawerenga masabata 40, omwe ndi masiku 280, kuchokera pa tsiku loyamba la msambo womaliza, ngakhale kuti pa masabata awiri oyambirira mwana amakhala asanapangike n'komwe. Amatero chifukwa tsiku la msambo mayi amatha kulikumbukira, pamene tsiku limene dzira lake linakumana ndi mbewu ya bambo palibe amalidziwa. Wofuna kuwerenga yekha aonjezere masiku 7 ndi miyezi 9 pa tsiku loyamba la msambo womalizawo. Amene anayamba kusamba pa 10 Januwale ayembekezere kuchira cha pa 17 Okutobala. Ana ochepa okha ndi amene amabadwa pa tsiku lenilenilo, ndipo kubadwa pakati pa sabata ya 37 ndi ya 42 kumatengedwa kuti ndi pa nthawi yake.

Kawerengedwe kameneka kali ndi tanthauzo limene ambiri sitililingalira. Mayi amene wangozindikira kuti mwezi uno sanasambe ali kale pa sabata ya 4 kapena ya 5. Akati adikire mwezi wina kuti atsimikize, wafika pa sabata ya 8 kapena ya 9, ndipo pa nthawiyo mtima wa mwana unayamba kale kugunda, msana unatsekeka kale, zala zikutuluka. Ntchito yaikulu youmba munthu imachitika chitenje chikumangidwabe pamene chimamangidwa masiku onse, anthu a pamudzi asakudziwa kanthu, nthawi zina mwini wake yemwe akukayikabe.

Mwa mayi amene amasamba masiku 28 aliwonse, dzira limakhwima n'kutuluka m'thumba lake cha pa tsiku la 14. Ndi laling'ono zedi, gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ndipo likapanda kukumana ndi mbewu ya bambo limafa pasanathe tsiku limodzi. Mbewu ya bambo ndiye yolimba moyo, imatha kukhala masiku 5 m'thupi la mayi ikudikira. Mwa mamiliyoni amene amalowa, mazana ochepa okha ndi amene amakafika m'kachubu kamene dzira limadutsamo popita kuchiberekero, ndipo imodzi yokha ndi imene imaboola n'kulowa. Ikangolowa, chikuto cha dzira chimasintha kuti ina isalowenso.

Pa mphindi imeneyo zambiri za munthuyo zimakhala zakhazikika. Dzira limabweretsa makromozomu 23, mbewu ya bambo imabweretsanso 23, ndipo mu 46 amenewa ndi mmene muli malangizo a mtundu wa magazi, kaonekedwe ka nkhope, ngakhale mpata wa pamano umene azakhali adzazindikire kuti ndi wa kuchimuna. Kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi zimatsimikizikanso pomwepa. Dzira la mayi nthawi zonse limanyamula kromozomu yotchedwa X, pamene mbewu ya bambo imatha kunyamula X kapena Y. Ikalowa ya X mwana amakhala wamkazi, ikalowa ya Y amakhala wamwamuna. Alipo amayi amene ananyozedwa, ena mpaka kusiyidwa ukwati, ati chifukwa amabereka ana aakazi okhaokha. Anawalakwira kwambiri, pakuti thupi la mayi lilibe mphamvu pa nkhaniyi, ndipo bambo yemwe sasankha.

Patangopita tsiku limodzi, selo limodzi lija limagawikana kukhala awiri, kenako anayi, kenako asanu ndi atatu, kwinaku likukankhidwa pang'onopang'ono m'kachubu muja. Limafika m'chiberekero patatha masiku atatu kapena anayi, ndipo pakati pa tsiku la 6 ndi la 10 limadzikwirira m'khoma la chiberekero, limene linakhuthala kale ndi magazi poyembekezera zomwezi. Amayi ena amaona timadontho ta magazi pa masiku amenewa n'kuyesa msambo wochepa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene zimasokoneza kuwerenga. Maselo a m'kati ndi amene adzakhale mwana. Akunja amayamba kumera timizu m'khomamo, ndipo ndiwo chiyambi cha nsengwa.

Maselo akunjawa amatulutsa homoni yotchedwa hCG, imene imauza thupi la mayi kuti lisatayenso khoma la chiberekero. N'chifukwa chake msambo umaima. Homoni yomweyi imatulukira mumkodzo, ndipo ndi imene kapepala koyezera mimba kamafufuza. Pa masabata oyambirira imachuluka kawiri pa masiku awiri kapena atatu aliwonse, choncho amene wayeza msanga kwambiri n'kuona mzere umodzi ayezenso pakatha sabata, makamaka ndi mkodzo woyamba wa m'mawa. Timapepalati timapezeka m'zipatala ndi m'mafamase. Palibe chifukwa chokhalira miyezi iwiri mukungoganizira.

Pa sabata ya 5 kamwanako sikanayambe kufanana ndi munthu. Ndi kanthu kopyapyala ka magawo atatu osanjikizana a maselo. Gawo lapamwamba lidzapanga khungu, ubongo ndi mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi. Lapakati lidzapanga mafupa, minofu, mtima, magazi ndi impso, pamene lam'kati lidzapanga matumbo, chiwindi ndi mapapo. Kenako kumsana kumachita kangalande, m'mbali mwake n'kumapindika mpaka kukumana pamwamba, kupanga kachubu. Mbali ya kumtunda ya kachubuko imakhala ubongo, yotsalayo imakhala mtsempha waukulu wa msana. Kutsekekaku kumatha pofika tsiku la 28 kuchokera pamene dzira linakumana ndi mbewu, cha pa sabata ya 6 pa kawerengedwe ka kusikelo. Pakatsala mpata kumunsi, mwana amabadwa ndi chotupa pamsana, nthawi zambiri miyendo ili yofooka, mkodzo ndi chimbudzi osatha kuzigwira, ndipo ambiri amadzaza madzi m'mutu. Ana otere amatumizidwa kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kukachitidwa opaleshoni. Pakatsala mpata kumtunda, ubongo supangika bwino ndipo mwanayo sakhala moyo.

Chowawa pa vutoli n'chakuti lambiri limapeweka ndi kapiritsi kotchipa. Kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka ku Britain mu 1991 anapeza kuti pakati pa amayi amene anali ndi mbiri ya mimba ya vutoli, vitamini yotchedwa folic acid inapewetsa mavuto otere pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse. Vitaminiyi ili m'mapiritsi owonjezera magazi amene amaperekedwa kusikelo. Koma taonani nthawi yake: mayi amene wayamba sikelo pa mwezi wachisanu amalandira mapiritsiwo msana wa mwana utatsekeka kalekale, kaya bwino kaya ayi. Mapiritsiwo amamuthandizabe pa magazi, koma pa msana mwayi unadutsa. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti mayi amene akufuna mimba ayambe kumwa mamaikulogalamu 400 a folic acid tsiku lililonse asanaime n'komwe, mpaka sabata ya 12. Amene anaberekapo mwana wa vutoli, wodwala shuga, ndi amene amamwa mankhwala ena a khunyu amapatsidwa mlingo wokulirapo. M'zakudya, vitaminiyi imapezeka mu nyemba, nandolo, khobwe, mtedza, bonongwe, nkhwani, mpiru, mapeyala ndi malalanje, koma masamba akawira nthawi yaitali, madzi ake n'kutayidwa, yambiri imapita ndi madziwo.

Mtima ndi chiwalo choyamba kugwira ntchito. Umayamba kugunda cha pa tsiku la 22 chikumanirane dzira ndi mbewu, ukadali kachubu kopindika, kamwanako kasanapose njere ya mpunga kutalika kwake. Pa sabata ya 6 umagunda pafupifupi ka 110 pa mphindi, pofika sabata ya 9 ukuthamanga mpaka ka 170, kuwirikiza kawiri kagundidwe ka mtima wa mayi wake. M'masabata ochepa amenewa kachubu kaja kamapindika ndi kugawikana kukhala zipinda zinayi, ndipo matenda ambiri a mtima amene ana amabadwa nawo amayambira pamenepa. Makina ojambulira m'mimba amatha kuonetsa kugundaku pa sabata ya 6 kapena ya 7. Kachipangizo kamene azamba amaika pamimba n'kumvetsera ndi khutu kamayamba kumveketsa mimba ikadutsa theka.

Zotsatira zake zimabwera mothamanga. Pa sabata ya 6 pamatuluka timatuza tinayi timene tidzakhale manja ndi miyendo, ndi timadontho takuda pamene padzakhale maso. Pa sabata ya 8 kamwanako kafika masentimita 1.6, mlomo wapamwamba ukulumikizana, zala zayamba kuoneka koma zikadali zolumikizana ndi kakhungu. Kamayamba kugwedezeka pa nthawi yomweyi, ngakhale mayi sangamve. Pa sabata ya 10 kali pafupifupi masentimita atatu, zala zapatukana, zigongono zikupindika, mano amkaka ayamba kupangika pansi pa nkhama, ndipo chiwalo chilichonse chachikulu chili pamalo pake.

Zonsezi zimadalira nsengwa. Magazi a mayi ndi a mwana sasakanikirana, amangoyandikana m'nsengwamo, ndipo mpweya ndi chakudya zimawoloka kupita kwa mwana kudzera mumchombo, zoipa za m'thupi la mwana n'kubwerera kwa mayi. Kale madokotala ankakhulupirira kuti nsengwa imatchinga chilichonse choopsa. Anaphunzira mowawa kuti si choncho. Mu 1957 ku Germany kunayamba kugulitsidwa mankhwala otchedwa thalidomide, ogonetsa tulo, amene amayi oyembekezera ankamwanso pofuna kuletsa nseru. Pamene ankawachotsa pamsika mu 1961, ana oposa 10,000 m'mayiko osiyanasiyana anali atabadwa opanda manja kapena miyendo yathunthu, ena opanda makutu. Ofufuza atalondoloza masiku, anapeza kuti mankhwalawo ankawononga akamwedwa pakati pa tsiku la 20 ndi la 36 kuchokera pamene dzira linakumana ndi mbewu. Masiku ochepa amenewo, amene amayi ambiri amakhala asanauze aliyense, anali okwanira.

Kwathu kuno piritsi limagulidwa m'golosale limodzi ndi machesi, ndipo wodwala mutu safunsidwa ngati ali woyembekezera. Mayi amene msambo wake wadumpha adzitenge ngati woyembekezera mpaka atayezetsa. Panado pa mlingo wake ndi wovomerezeka, koma Brufen, Indocid ndi doxycycline asamwe popanda dokotala amene wauzidwa za mimbayo. Mankhwala azitsamba ndi ovuta chifukwa palibe amadziwa mlingo weniweni wa zimene zili mumphikamo. Mowa, kaya kachasu, kaya masese, kaya wa m'botolo, umawoloka nsengwa n'kukafika ku ubongo umene ukupangika, ndipo palibe mlingo wake umene unapezeka kuti ndi wosaopsa. Utsi wa fodya, ngakhale wosuta ali bambo m'nyumba, ndi mankhwala opopera thonje kapena tomato, ndi zoyenera kutalikirana nazo. Koma amene akumwa ma ARV, mankhwala a khunyu, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asasiye yekha. Apite msanga akafunse, poti ena amafunika kusinthidwa, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kungaphe mayi.

Pamene zonsezi zikuchitika mwakachetechete, thupi la mayi silikhala chete. Chimene ambiri amayamba kumva ndi kutopa, kutopa kwachilendo koti munthu amene anagona usiku wonse n'kumawodzera pamphasa dzuwa lili pamutu. Homoni yotchedwa progesterone, imene imasunga mimba, imachuluka kwambiri ndipo imabweretsa tulo. Imafewetsanso mitsempha ya magazi, kuthamanga kwa magazi n'kutsika, ndiye mayi akadzuka mofulumira kapena akaima nthawi yaitali pamzere wa kuchigayo amachita chizungulire. Mtima wake wayamba kupopa magazi ochuluka, ndipo pofika kumapeto kwa mimba magazi ake adzakhala atawonjezereka ndi pafupifupi theka. Apa ndi pamene amayi ambiri amanenedwa ulesi, makamaka mimba ikakumana ndi nyengo yopalira, chifukwa apongozi sakuona chilichonse chimene chasintha. Ntchito za masiku onse sizichotsa mimba, ndipo kuyenda n'kwabwino. Koma bambo amene wauzidwa chinsinsichi ndi yekhayo amene akudziwa chifukwa chake mkazi wake wafooka, ndiye ndi iye woyenera kunyamula ndowa ija n'kutseka pakamwa pa onyoza.

Nseru imagwira amayi 7 kapena 8 mwa 10 aliwonse. Imayamba cha pa sabata ya 6, imafika pachimake cha pa sabata ya 9, ndipo kwa ambiri imatha pakati pa sabata ya 14 ndi ya 16. Ena imawagwira m'mawa, ena madzulo, ena tsiku lonse. Mphuno imamva fungo limene ena sakumva, moti mafuta okazingira, usipa, sopo amene ankamukonda, ngakhale thukuta la mwamuna wake zimamuyambitsa kusanza. Ena malovu amangodzaza m'kamwa, n'kumayenda ndi kachitini kolavuliramo. Kwa zaka zambiri chimene chimayambitsa nseruyi sichinkadziwika bwino, ndipo amayi ankauzidwa kuti ndi maganizo chabe kapena kudzikonda. Mu Disembala 2023 ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge pamodzi ndi anzawo a ku America ndi mayiko ena anaonetsa kuti gwero lalikulu ndi homoni yotchedwa GDF15, imene nsengwa imathira m'magazi a mayi n'kukagunda gawo la ubongo loyambitsa kusanza. Anapezanso kuti amayi amene matupi awo anali ndi homoniyi yochepa asanaime ndi amene amavutika kwambiri, popeza thupi silinaizolowere. N'chifukwa chake wina amasanza miyezi itatu pamene mnzake wa nyumba yoyandikana akudya nsima bwinobwino. Kusamva nseru si chizindikiro chakuti china chalakwika.

M'mimba mopanda kanthu ndi mmene nseru imakula. Kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi kumathandiza kuposa kudikira mbale yodzaza ya masana. Ambiri amapezako bwino ndi zouma monga chimanga chokazinga, mbatata yootcha kapena buledi asanadzuke pabedi, madzi omwa pang'onopang'ono, ndi tiyi wa jinja. Mapiritsi owonjezera magazi akamakulitsa nseru, ndi bwino kumwera pa chakudya cha usiku kusiyana ndi kuwataya kuseri kwa nyumba. Koma pali kusanza kwina kumene ndi matenda enieni, kumene kumagwira mayi mmodzi mpaka atatu mwa 100. Mayi amene watha tsiku lathunthu madzi osakhazikika m'mimba, mkodzo wachepa ndipo wada, milomo yauma, thupi likutsika, afunika kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko amamuika diripi ndi kumupatsa mankhwala oletsa kusanza amene ndi osaopsa kwa mwana.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zimadabwitsa woyamba kumene. Mabere amalemera ndi kuwawa, nsonga zake n'kuda. Kukodza kumachuluka chifukwa impso zikusefa magazi ambiri kuposa kale ndipo chiberekero chikupanikiza chikhodzodzo. Progesterone ija imachedwetsa matumbo, ndiye kumabwera kudzimbidwa, mpweya m'mimba ndi chilungulira. Chikazi choyera chosanunkha chimachuluka, ndipo nkhama zimatha kutuluka magazi potsuka mano. Mtima umasinthasintha, misozi n'kumabwera pa nkhani yochepa. Zonsezi ndi za mimba. Koma kutentha thupi, kumva kuotcha pokodza, ndi chikazi chonunkha kapena choyabwa si za mimba ayi, ndi matenda ofunika kuyezedwa.

Za nkhuli ya amayi oyembekezera aliyense ali ndi nkhani yake: mango osapsa othira mchere, bwemba, malambe, chinangwa chachiwisi pakati pa usiku. Zambiri n'zosaopsa. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi dothi, limene amayi ena amapala pachulu kapena pakhoma la chiswe, ena amachita kugula pamsika. Chilakolako cha dothi chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, ndipo dothilo limatha kubweretsa njoka za m'mimba zimene zimachepetsanso magazi. Amene akulilakalaka anene kusikelo mopanda manyazi kuti amuyeze magazi. Pali zakudyanso zimene miyambo imaletsa. Mazira ndi amene amatchulidwa kwambiri, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Tsitsi la mwana limachokera ku makromozomu aja, pamene dzira lophika bwino ndi chimodzi mwa zakudya zomanga thupi zimene banja la kumudzi lingapeze popanda ndalama. Mwambo umenewu umamana mayi chakudya pa nthawi imene akuchifunitsitsa.

Tsono nkhani ya kubisa. Mimba yaing'ono kwathu siilengezedwa. Amadziwa ndi mwamuna, kenako ankhoswe kapena mayi ake a mkaziyo, ndipo kwa woyamba kumene malangizo a chisamba amabwera mimba itayamba kuoneka. Ena amaopa anthu oipa mtima amene angaimange, ena amaopa kuti ikachoka adzayankha mafunso a mudzi wonse, ndipo mtsikana wa pasukulu amaopa zoposa pamenepo. Mantha amenewa si opusa. Mimba zambiri zimene zimachoka zimachokadi pa miyezi itatu yoyambirira, ndipo makolo athu anaona zimenezi kalekale. Vuto limabwera pamene chinsinsi chobisira anthu a pachitsime chabisidwanso kwa mzamba, poopa kuti akaonedwa pamzere wa sikelo nkhani yafala. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ngakhale pafupifupi mayi aliyense ku Malawi amapita kusikelo, mmodzi yekha mwa anayi ndi amene amayamba m'miyezi itatu yoyambirira. Bungwe la World Health Organization, m'malangizo ake a 2016, limati mayi aonedwe ka 8 pa mimba yonse, ulendo woyamba usanadutse sabata ya 12. Azamba ntchito yawo imawalamula kusunga chinsinsi, ndipo amene akuopa maso a anthu angathe kuyamba ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake.

Ulendo woyambawo uli ndi zinthu zimene sizingadikire. Chindoko chimatha kukhala m'thupi la mayi osaonetsa chilichonse, n'kuwoloka nsengwa kukapha mwana m'mimba, komabe jekeseni wa penisilini woperekedwa msanga amamuteteza, bola bambonso alandire mankhwala. Pa HIV, Malawi ndi dziko limene linayambitsa, mu 2011, njira yoti mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilomboka ayambe ma ARV nthawi yomweyo kwa moyo wake wonse, ndipo mayiko ambiri anatengera pambuyo pake. Popanda mankhwala, ana 15 mpaka 45 mwa 100 amatengera kachilomboka kwa mayi awo. Ndi mankhwala omwedwa mokhulupirika chiwerengerocho chimatsika pansi pa 5, ndipo kuyamba msanga kumapatsa mankhwalawo nthawi yogonjetsa kachilomboka mwana asanabadwe. Pali kuyeza magazi ndi kuthamanga kwake, katemera wa kafumbata, ndi neti. Malungo amakonda mayi woyembekezera, makamaka wa mimba yoyamba, chifukwa tizilombo take timaunjikana m'nsengwa, kuchepetsa magazi a mayi ndi chakudya cha mwana. Poti malungo amayambanso ndi kufooka, mutu ndi kusanza, n'kosavuta kuwayesa za mimba, choncho thupi likangotentha m'pofunika kuyezetsa tsiku lomwelo ndi kuwauza achipatala kuti muli ndi pakati. Kupita ndi bambo kusikelo n'kwabwino ndithu, koma bambo akakhala ku Joni kapena akakana, mayi asachedwe chifukwa cha iye.

Ngakhale zonse zitachitidwa bwino, mimba zina zimachoka. Mwa mimba 100 zimene eni ake anazizindikira, 10 mpaka 20 zimapita padera, zambiri isanakwane sabata ya 12. Pafupifupi theka la zimenezi zimachoka chifukwa makromozomu sanagawikane bwino pa chiyambi penipeni, mwangozi, ndipo kamwanako sikakanatha kukula ngakhale mayi akanagona pabedi miyezi yonse. Izi ndi zofunika kuzinena mokweza, chifukwa mayi amene wapita padera amafunsidwa mafunso olasa: unanyamula chiyani, unadya chiyani, unayenda ndi ndani, wakulodza ndani. Mabanja amadana, agogo osalakwa n'kutchedwa mfiti. Kusenza mtolo wa nkhuni, kukhala malo amodzi ndi mwamuna, kapena kukwiya tsiku limodzi sikuchotsa mimba yabwinobwino. Amayi ambiri amene anapita padera kamodzi amadzabereka bwino pambuyo pake. Chofunika pa nthawiyo ndi kuchipatala, kuti aone ngati zonse zatuluka, pakuti zotsalira m'chiberekero zimayambitsa kutaya magazi ndi mafinya. Amene zamuchitikira katatu motsatizana afunika kufufuzidwa. Ndipo amulole kulira, poti kwa iye anali mwana ngakhale mudzi sunamuone.

Choopsa kwambiri pa masabata amenewa ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero, imene imachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100. Dzira lija limakanirira m'kachubu n'kuyamba kukulira momwemo, kawirikawiri chifukwa kachubuko kanachita zipsera ndi matenda opatsirana pogonana monga chinzonono. Kachubu sikangatanuke ngati chiberekero, ndiye pakati pa sabata ya 6 ndi ya 10 kamatha kuphulika, magazi n'kumatayikira m'mimba osaoneka kunja. Chakudza sichiimba ng'oma: mayi amene m'mawa anali kusesa pabwalo amatha kukomoka masana. Zizindikiro zake ndi kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, timagazi takuda totuluka pang'onopang'ono, kupweteka pansonga ya phewa, chizungulire, thukuta lozizira ndi kuyera m'maso. Mimba yotere singasamutsidwe kapena kupulumutsidwa, koma mayi amapulumuka akafika msanga kuchipatala chimene chimachita opaleshoni. Apa ndi pamene chinsinsi chimapha, chifukwa achibale amene sakudziwa kuti msambo unadumpha amataya maola akumwetsa wodwalayo mankhwala a m'mimba. M'nyumba mukhale munthu mmodzi wodziwa, woti akafika kuchipatala anene za mimbayo pakhomo pomwe.

Pofika sabata ya 12 mwana watalika masentimita 5 kapena 6 kuchokera pamutu kufika kumatako, ndipo akulemera pafupifupi magalamu 14. Mutu wokha ndi pafupifupi theka la thupi lonse. Zikope zatsekeka ndipo zidzatseguka mimba ikadutsa miyezi isanu ndi umodzi. Zikhadabo zayamba kumera, chiwindi chikupanga magazi, impso zayamba kutulutsa mkodzo m'madzi a m'nsupa, ndipo mwanayo amameza madziwo, kufumbata manja ndi kutembenuka. Maliseche ayamba kusiyana, ngakhale makina amaonetsa bwino cha pa sabata ya 20. Ubongo ndi mapapo zidakali ndi ulendo wautali, moti zoletsedwa zija sizinathe. Nsengwa tsopano yatenga ntchito yonse yopanga mahomoni osunga mimba, hCG yayamba kutsika, ndipo kwa amayi ambiri nseru imachepa, chilakolako cha chakudya ndi mphamvu n'kubwerera. Chiberekero chakwera moti mzamba amatha kuchikhudza pamwamba pa fupa la chinena, ndipo chiopsezo chopita padera chatsika kwambiri. Kugunda kwa mwana mayi woyamba adzakumva pakati pa sabata ya 18 ndi ya 20, pamene amene anaberekapo amakuzindikira msanga, cha pa sabata ya 16.

Kuyambira sabata ya 13 mayi amayamba kulandira Fansidar woteteza ku malungo, njira imene Malawi inali dziko loyamba kuikhazikitsa mu 1993. Amamwa mapiritsi atatu pamaso pa mzamba, ndipo amabwereza pa maulendo otsatira, motalikirana mwezi umodzi kapena kuposerapo, mpaka kuchira. M'miyezi itatu yoyambirira Fansidar saperekedwa, ndipo chitetezo cha mayi pa nthawiyo ndi kugona m'neti usiku uliwonse. Amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV salandira Fansidar konse, popeza mankhwala awiriwa ndi a mtundu umodzi ndipo Bactrim yemweyo amamuteteza kale ku malungo.